Mluza umene unali kukana kukula m'mbale

Kumayambililo kwa zaka za m'ma 1960, akalulu angapo anakwezedwa ndeke kucoka ku Cambridge ku England kupita ku South Africa. M'mimba mwao munali miluza ya nkhosa, ndiye kuti tuana tumene tunali tukali tumaselo towelengeka cabe. Atafika, akatswili a ziweto anacotsa miluza ija mwa akalulu n'kuiika mwa nkhosa za kumeneko, ndipo nthawi itakwana nkhosa zija zinabala ana a mtundu wa ku England. Kalulu anagwila nchito ya cikwama cofunda conyamulilamo katundu.

Mungafunse kuti n'cifukwa ciani sanangoika miluzayo m'botolo. Anali atayesa. Mcele anali nao, shuga anali naye, makina osunga kutentha kofanana na kwa thupi analipo. Koma mluza wa nkhosa kapena wa ng'ombe ukaikidwa m'mbale ya mu labu unali kugawikana kangapo cabe, kenako n'kuima. Mluza umodzi-modziwo ukaikidwa m'njila ya mazila ya kalulu, nyama ya mtundu wina kothelatu, unali kupitiliza kukula. Conco munali cinacake m'njila imeneyo cimene m'mbale munalibe. Panapita zaka pafupi-fupi 30 kuti asayansi agwile mbali ya yankho, ndipo mbali imeneyo ni tumapuloteni tumene amatucha growth factors.

Tiyambe na mluzawo. Dzila la ng'ombe ni laling'ono kuposa kadontho ka pa mapeto a ciganizo ici. Likakumana na mbewu ya nkhunzi limagawikana kukhala maselo 2, kenako 4, kenako 8, uku likuyenda pang'ono-pang'ono m'kanjila kocoka ku thumba la mazila kupita ku cibelekelo. Limafika m'cibelekelo ca pa tsiku la 4 kapena la 5. Pa tsiku la 7 limakhala kampila ka maselo oposa 100 kokhala na madzi pakati, kamene amakacha blastocyst. Maselo a mkati ndiye adzakhale mwana wa ng'ombe, a kunja adzapanga thumba lomudyetsa m'mimba. Nkhani yonse ino ni ya masiku 7 amenewo. Ndipo ndalama zili pomwepo: ng'ombe yabwino ya mkaka imabala mwana mmodzi pa caka, koma m'thupi mwake muli mazila masauzande. Ukatha kulela mazilawo kunja kwa thupi, ng'ombe imodzi ingakhale mayi wa ana ambili obadwa kwa ng'ombe zina wamba.

Kusamutsa mluza kokha n'kwakale. Walter Heape anacita zimenezi pa akalulu mu 1890, ndipo mu 1951 gulu la ku Wisconsin ku America linalengeza za mwana woyamba wa ng'ombe wobadwa mwa njila imeneyi. Koma miluza imeneyo inali yopangidwa na thupi la mayi. Munthu anali kungoinyamula.

Kulela m'mbale kunayambila pa mbewa. Kum'mawa kwathu mbewa ni ndiwo, koma m'malabu a dziko lonse ndiye nyama imene yaphunzitsa anthu zambili za kubala. Mu 1956 Wesley Whitten ku Australia analela miluza ya mbewa kucoka pa maselo 8 mpaka blastocyst m'madzi osavuta kupanga, a mcele, shuga na puloteni imodzi ya m'magazi a ng'ombe. Mu 1958 Anne McLaren na John Biggers ku London anabwezela miluza yotele mwa mbewa zazikazi, ndipo ana anabadwa bwino-bwino. Aliyense anaganiza kuti vuto ni cakudya, kuti ukapeza zosakaniza zoyenela basi zatheka. Maganizowo sanali olakwika kwenikweni. Ralph Brinster anaonetsa kuti mluza waung'ono kwambili sukonda shuga wamba koma cakudya cina cochedwa pyruvate. Mu 1972 Tervit, Whittingham na Rowson ku Cambridge anapanga madzi otengela a m'njila ya mazila ya nkhosa, amene mpaka lelo amachedwa SOF, ndipo anatsitsa okosijeni kufika pa 5 peresenti, pamene mu mpweya umene tipuma muli pafupi-fupi 21. Miluza ina inakuladi. Koma m'malabu ambili miluza ya ng'ombe inapitiliza kuima pa malo amodzi-modzi, pakati pa maselo 8 na 16.

Malo amenewo si a mwangozi. Dzila limacoka kwa mayi na kamba wa pa ulendo: mapuloteni na malangizo okonzedwa kale. Kugawikana koyamba, kwaciwili na kwacitatu kumayendela kamba ameneyo. Pa maselo 8 mpaka 16 kamba amatha, ndipo mluza ufunika kuyatsa majini ake n'kuyamba kudziyendetsa wokha. Mluza wofooka kapena wosokonezeka umafela pamenepo. Olo Virgil, mwana wa ng'ombe woyamba amene dzila lake linakumana na mbewu ya nkhunzi m'mbale, sanadutse pa cipata cimeneci ali kunja. Anabadwa mu June 1981 pa University of Pennsylvania, m'gulu la Benjamin Brackett, patapita zaka zitatu kucokela pamene Louise Brown, munthu woyamba wa IVF, anabadwa. Koma Virgil anabwezedwa m'thupi la ng'ombe ali maselo 4, vuto lisanayambe. Enanso anali kuzemba mofananamo: kupanga mluza m'mbale, kuubisa m'njila ya mazila ya nkhosa yamoyo kwa masiku angapo, n'kuucotsa utakula. Pa gulu lililonse la miluza ya ng'ombe panafunika kung'amba nkhosa. Bizinesi yotele siingapite patali.

Kusintha kunabwela mu 1987, pamene Fulvio Gandolfi na Robert Moor ku Cambridge anapala maselo a m'kati mwa njila ya mazila n'kuwaika m'mbale pamodzi na miluza ya nkhosa. Miluza inadutsa cipata cija. Mu 1989 Eyestone na First ku Wisconsin anacita cimodzi-modzi pa ng'ombe, ndipo anaonjezela cinthu cimene ine nimaona kuti ndiye cofunika kwambili: anacotsa maselo aja, n'kugwilitsila nchito madzi okha amene maselowo anakhalamo. Nawonso anagwila nchito. Maselo anali atasintha madziwo. Mbali ina anali kucotsamo zinthu zovulaza mluza, monga shuga woculuka. Mbali ina anali kusiyamo cinacake.

Kuti timvetse cinacake cimeneco tifunika kubwelela kumbuyo pang'ono, ku nkhani ina imene poyamba inalibe cocita na ng'ombe. Rita Levi-Montalcini anali dokotala waciyuda ku Turin ku Italy. Malamulo a tsankho a Mussolini a mu 1938 atamuletsa kugwila nchito pa yunivesite, anapanga kalabu m'cipinda cake cogona n'kumafufuza mmene mitsempha imakulila mwa tuanapiye tukali m'dzila. Nkhondo itatha anapita ku St. Louis ku America, kumene iye na Stanley Cohen anapeza puloteni imene imauza mitsempha kuti ikule. Cohen anaona cinthu cina codabwitsa. Akabaya tuana twa mbewa na madzi ocokela ku ziwalo zopanga malovu za mbewa zazikulu, tunali kutsegula maso patapita wiki imodzi, m'malo mwa pafupi-fupi mawiki awili, ndipo mano anali kumela msanga. Mu 1962 anapatula puloteni yocititsa zimenezi, imene inadzachedwa EGF. Awiliwa analandila mphoto ya Nobel mu 1986. Pofika nthawiyo banja la mapuloteniwa linali litakula: PDGF, FGF, TGF, komanso IGF-1 na IGF-2, amene anapatsidwa dzinalo ku Zurich cifukwa amafanana na insulin, ija imene odwala shuga amabaya.

Growth factor si cakudya. Selo siliidya kuti lipeze mphamvu. Ni uthenga. Selo limodzi limaitulutsa, ndipo imakamatila pa kacolandilila ka pa khungu la selo lina, monga mmene meseji imafikila pa foni yokhayo imene ili na nambala yake. Uthengawo ungakhale wakuti gawikana, kapena usafe, kapena sanduka selo la mtundu wakuti-wakuti. Ndipo imafunika yocepa modabwitsa. M'malabu amaiyeza m'ma nanogram pa mililita imodzi ya madzi, ndipo nanogram ni galamu imodzi yogawidwa m'zigawo biliyoni.

Mu 1988 Daniel Rappolee na anzake ku San Francisco anaonetsa kuti mluza wa mbewa umapanga wokha ena mwa mapuloteniwa. Mu 1990 Paria na Dey ku Kansas anaona kuti miluza ya mbewa yoikidwa pagulu m'kadontho kamodzi imakula bwino kuposa mluza wokhala wokha, ndipo mluza wokhala wokhawo ukaupatsa EGF kapena TGF umayamba kulinganako na anzake. Mwacidule, miluza imakambitsana. Ukaika umodzi m'madzi ambili, mau ake amasungunuka osafika kulikonse. N'cifukwa cake mpaka lelo malabu ambili amalela miluza m'magulu, m'tumadontho tophimbidwa na mafuta, kapena m'tumaenje tung'ono-tung'ono pansi pa mbale.

Pa ng'ombe, caka ca 1992 cinabweletsa zambili. Ku Calgary ku Canada, Andrew Watson na anzake anapeza kuti mluza wa ng'ombe uli na zolandilila za mapuloteni angapo otele, ndipo ena umawapanga wokha. Ku Cornell, Larson, Ignotz na Currie anaika mapuloteniwa limodzi-limodzi m'madzi opanda zina zosokoneza. TGF-beta na FGF akakhala pamodzi anali kuthandiza mluza kudutsa cipata ca maselo 16. PDGF nayo inali kuudutsitsa, koma ikakhalabe m'madzi, yocepa ndiye inali kufika pa blastocyst. TGF-alpha sinali kuthandiza pa cipata, koma inali kuthandiza pambuyo pake. Uthenga umodzi-modzi, wabwino Laciwili, woipa Lacisanu. M'thupi la ng'ombe zimenezi zimadzikonza zokha, cifukwa mluza uli pa ulendo ndipo malo alionse amene wafika ali na mau ake. M'mbale umakhala malo amodzi.

Apa munthu angaganize kuti nkhani yatha, kungogula mabotolo a mapuloteni n'kuthila. Sizinatelo. M'zaka za m'ma 1990 malabu ambili anayesa EGF, IGF-1 na ena, ndipo zotulukapo zinali zosagwilizana: uyu waona kusintha pang'ono, uyo sanaone kanthu. Cifukwa cimodzi n'cakuti madzi amene anali kuyeselamo anali kale na zinthu zocokela m'magazi, zokhala na mauthenga ake osadziwika. Conco ambili anasankha njila yacidule, kuthila serum. Serum ni madzi amene amatsala magazi akaundana, ndipo yokondedwa kwambili imatengedwa ku ana a ng'ombe osabadwa opezeka m'mimba mwa ng'ombe zophedwa ku malo ophela nyama. Muli ciliconse: mapuloteni, mafuta, mahomoni, growth factors osawelengeka. Botolo lililonse limasiyana na linzake, ndipo palibe amene angachule zonse zili mkati. Koma inali kugwila nchito. Ma blastocyst anali kuculuka ndipo anali kuoneka msanga.

Mtengo wake unaonekela m'khola, patapita miyezi 9. Alimi na madokotala a ziweto anayamba kuona ana ena a ng'ombe na a nkhosa ocokela mu labu akubadwa aakulu mopitilila. Mwana wa ng'ombe ya Holstein amabadwa na makilo pafupi-fupi 40, koma ena mwa awa anali kuyandikila kuwilikiza kawili. Bele linali kupitilila masiku ake. Amayi anali kulephela kubala mpaka kung'ambidwa. Ana ena anali na lilime lalikulu, mcombo wotupa, ziwalo za m'kati zazikulu, ndipo ambili anali kufa atangobadwa. Analicha vutoli large offspring syndrome. Mu 1995 Jeremy Thompson na anzake ku New Zealand anaonetsa pa nkhosa kuti miluza yoleledwa na serum inali kubala ana olemela kuposa yoleledwa popanda serum. Ganizilani zimenezi bwino. Mluza unakhala m'madziwo masiku osakwana wiki, uli kanthu kosaoneka na maso, kenako unakhala miyezi yonse m'mimba ya mayi wabwino-bwino. Koma masiku ocepa aja ndiye analamula kukula kwake.

Mu 2001 Lorraine Young na anzake ku Roslin Institute ku Scotland, kuja kunabadwila nkhosa Dolly, anapeza mbali ya cifukwa cake, ndipo cinali m'banja lomwelo la growth factors. IGF-2 ni puloteni imene imakankha mwana kukula m'mimba. Thupi lili na ina, IGF2R, imene nchito yake ni kugwila IGF-2 n'kuiononga kuti isaculuke. Ina ni mafuta, ina ni mabuleki. Mwa tuana twa nkhosa tonenepa mopitilila, mabuleki anali ofooka. Jini yake inalipo yosaonongeka, koma tuzizindikilo tumene tumamatilidwa pa jini kuti selo lidziwe mmene lingaiwelengele tunali tutafufutika, ndipo maselo onse obadwa pambuyo pake anatengela colakwikaco. Pali matenda ena a ana a anthu, ochedwa Beckwith-Wiedemann, amene amafanana kwambili na zimenezi, ndipo n'cifukwa cake madokotala a IVF ya anthu amawelenga mwachelu zimene zimacitika ku ng'ombe.

Cimene cinalakwika, mmene ine nionela, ni copimila. Kwa zaka zambili labu inali kudziyesa na ciwelengelo ca ma blastocyst pa tsiku la 7, cifukwa n'cosavuta kuwelenga ndipo suyembekezela miyezi 9. Koma mlimi sagula blastocyst. Amafuna mwana wa ng'ombe woimilila n'kuyamwa. Mu 2002 gulu la Pat Lonergan ku Dublin linaonetsa kusiyana kumeneku poyela. Anapanga miluza m'mbale, ina n'kuisiya momwemo, ina n'kuiika m'njila ya mazila ya nkhosa monga kale. Ciwelengelo cofika pa blastocyst cinali cofanana, pafupi-fupi gawo limodzi mwa atatu. Koma atauumitsa m'cisanu coopsa n'kuisungunula, ya mwa nkhosa inapulumuka kwambili kuposa ya m'mbale. Kuculuka kwa ma blastocyst kumadalila ubwino wa dzila. Kulimba kwao kumadalila malo amene anakulila.

Kucokela apo funso linasintha, ndipo amene analitsatila kwambili ni Peter Hansen wa pa University of Florida. Florida ni dela lotentha, ndipo ng'ombe za mkaka kumeneko zimavutika kutenga bele m'cilimwe. Mu 1993 gulu lake linaonetsa kuti kutentha kumaononga mluza kwambili pa tsiku loyamba, koma pofika tsiku la 3 kupita mtsogolo umakhala utalimbako. Kenako anapeza kuti IGF-1 imateteza maselo a mluza kuti asafe akatenthedwa. Mu 2007 Block na Hansen anasamutsila miluza yoleledwa na IGF-1 mwa ng'ombe zokamidwa. M'nyengo yozizila panalibe phindu. M'nyengo yotentha, ng'ombe zambili zinatenga bele kuposa zimene zinalandila miluza wamba. Mu 2009 anaona kuti puloteni ina yopangidwa na cibelekelo, CSF2, inali kucepetsa kutayika kwa mabele. Pambuyo pake anapezanso kuti mluza waumuna na waukazi suyankha mofanana ku CSF2, olo kuti pa tsiku la 6 palibe diso limene lingawasiyanitse. Mu 2014 anapeleka dzina latsopano kwa mauthenga a mayi otelewa, embryokines. Kukamba zoona, mayeso ena otsatila sanabweletse zotulukapo zabwino ngati zoyamba zija, ndipo palibe puloteni imodzi imene yakhala mankhwala a zonse.

Olo n'conco, bizinesi sinayembekezele asayansi. Kucokela mu 1988, pamene akatswili a ku Utrecht ku Netherlands anapeza njila yokokela mazila mwa ng'ombe yamoyo na singano yotsogoleledwa na sikani, ng'ombe imodzi ingapeleke mazila mobweleza-bweleza popanda kuphedwa. Brazil inathamanga nayo njila imeneyi, maka-maka cifukwa ng'ombe zao za linunda za mtundu wa Nelore zimapeleka mazila ambili. Pofika mu 2016 miluza yopangidwa m'mbale inaposa yotsukidwa m'cibelekelo pa dziko lonse, ndipo manje imapitilila miliyoni imodzi pa caka. Malabu ambili anacepetsa serum kapena kuisiya, ndipo ana aakulu mopitilila anacepa, koma sanatheletu. Pa mazila 100, ofika pa blastocyst akali pakati pa 30 na 40.

Nkhani ya kutentha ija itikhudza. Aliyense amene anakhalapo ku Mazabuka kapena ku Chisamba mu October adziwa mmene Friesian imapumila wefu-wefu pansi pa mtengo, pamene Angoni ya ku Chipata ikudya udzu pa dzuwa. Kusiyanako kumayamba msanga kuposa mmene tingaganizile. Mu 2003 gulu la Hansen linatenthetsa miluza m'mbale kufika pa madigili 41, ndipo ya Brahman, ng'ombe ya linunda, inapilila kuposa ya Holstein na Angus. Mluza ulibe thukuta, ulibe cikopa, ulibe mthunzi wothawilako, koma maselo ake enieniwo anali kale olimba. Kafukufuku ameneyo anacitidwa pa mitundu ya ng'ombe imene ili na ndalama ku America. Ningakonde kuona wophunzila wa pa Samora Machel School of Veterinary Medicine ku UNZA akuika mluza wa Angoni, wa Tonga na wa Barotse pa mayeso amodzi-modziwo, n'kuona ngati IGF-1 ili na coonjezela pa ng'ombe imene inabadwa kale yozolowela dzuwa.

Anthu akunja anaona kale phindu la ng'ombe za kuno. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la sayansi la boma la Australia, CSIRO, pamodzi na alimi a kumeneko, linatenga miluza ya ng'ombe za Boran mu Zambia na ya Tuli mu Zimbabwe. Boran ni ng'ombe ya linunda yocokela ku East Africa imene alimi ena a muno anali kuweta. Miluzayo anaiumitsa n'kupita nayo ku Cocos Islands, zisumbu za pakati pa Indian Ocean kumene Australia inali na malo osungilako ziweto poopa matenda, n'kuiika mwa ng'ombe za ku Australia. Ana ake anafika ku Australia mu 1990. Miluza imeneyo sinaleledwe m'mbale. Masiku ake 7 oyamba inakhala m'thupi la amayi ake kuno, ndipo inatsukidwa m'cibelekelo itamva kale zonse zimene mayi amauza mluza.